Matuza Amene Anawoloka Msana

Chinthu choyamba chimene Afrakoma anaona m'mawa umenewo n'chakuti mzere wake wasowa. Dzulo lake madzulo anali atajambula mzere ndi bolopeni pamsana pa amayi ake, a Pokuaa, kutsika ndi fupa la msana, ndipo anawauza mwamatama ndithu kuti, "Amayi, matuza awa malire ake ndi pano. Akadutsa mzerewu mudzang'ambe mapepala anga onse a udokotala." Tsopano mzere uja panalibe. Khungu linali lopukutidwa bwinobwino, ndipo kutsidya kwa fupa la msana, kumanzere kumene dzulo kunali kosalala, kunali matuza atsopano, odzaza madzi, akunyezimira ndi kuwala kolowera pawindo.

Afrakoma anali dokotala pachipatala china chachikulu ku Kumasi. Anatenga tchuthi n'kubwera kwawo kuno ku Wenchi kuti adzawerengere pa phee mayeso a ukatswiri wa matenda a khungu, amene ankayenera kukalemba ku Accra. Anafika ndi katoni ya mabuku a zithunzi zoti munthu ukaziona chakudya sichitsika: ana a zilonda za nkhanambo zachikasu kukamwa, miyendo yofiira yotupa ngati mitsamiro, zithupsa, njerewere, nkhope za khate. Koma phee uja sanamupeze. Anapeza amayi ake akubuula ndi mashingozi, matuza atandanda kuchokera pamsana, kudutsa pansi pa nthiti za kumanja mpaka pafupi ndi mchombo.

Kuno dzina la kuchipatalalo sitiligwiritsa ntchito, timangoti munthu wagwidwa ndi kangaude. Amati kangaude akakukonda amakulukira lamba m'chiuno, ndipo tsiku limene mutu wa lambayo udzakumane ndi mchira wake, achibale ayambe kusesa pabwalo ndi kubwereka mipando ya maliro. Afrakoma zimenezi ankaziseka. Buku lake linkanena mosabisa kuti ndi kachilombo ka katsabola kamene kamabisala mumtsempha kuyambira paubwana, n'kudzuka munthu akakalamba, ndipo kamatsata mtsempha umodzi, mbali imodzi ya thupi, osadutsa pakati. Funso limenelo ngakhale wophunzira waulesi salilakwa.

Ndiye tsiku lomwe anafikalo, atapeza mng'ono wa amayi ake, a Dufie, akusinja masamba oti awamate pamatuza, analanda mbale ija n'kukakhuthulira mu ngalande, azimayi onse a pamudzipo akuona. "Muno sing'anga ndi mmodzi," anatero, "ndipo ndi ine." Kunena zoona, mtsikanayu anali ndi mutu wabwino koma pakamwa pake panali polusa. A Dufie anatola mbale yawo, n'kuitsuka, n'kuivundikira pathandala.

Nanga tsopano matuza awa awoloka bwanji?

"Amayi aang'ono, mzere wanga wapukuta ndani?"

"Thukuta, mwana wanga," anayankha a Dufie, maso ali pansi. "Achemwali anatuluka thukuta usiku wonse. Koma taona wekha. Wawoloka. Kangaude ameneyu sadziwa kuwerenga, mzere wa bolopeni angauope?"

A Pokuaa anali chigonere chammbali, nkhope itayang'ana kukhoma. "A dokotala," anatero ndi mawu otsika, "mapepala aja ali kuti, ndiyambe kung'amba?"

Afrakoma anaseka kuti awalimbitse mtima. Ankadziwa kuti mashingozi akafalikira mbali zonse ndiye kuti chitetezo cha m'thupi chatheratu, mwina ndi kachilombo koyambitsa edzi, mwina khansa yobisika. Anawatenga magazi n'kukayezetsa. Zonse zinatuluka zabwino. Ukanaona nkhope yake pobwera kumeneko, ukanati wauzidwa uthenga wa maliro, chifukwa matenda oti ali ndi dzina amakhalako bwino kusiyana ndi oti alibe.

Inali nyengo ya mphepo yafumbi, milomo ikung'ambika, dzuwa likulowa lofiira ngati khala. Magetsi ankathima anthu akangomaliza kudya. Afrakoma ankagona m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde, poti amayi ake anakana zoti azigona nawo. "Iwe kawerenge," ankatero. "Wondiyang'anira alipo, mng'ono wanga sanafe." Ndiye iye ankayatsa nyali, n'kuyimbira foni Twumasi, dokotala mnzake amene ankakonzekera mayeso omwewo ku Kumasi, kuti azifunsana mafunso.

"Tiye nazo, abwana," anatero Twumasi madzulo amenewo, uku akutafuna chinachake. "Mwana wabwera ndi zilonda kuzungulira mphuno, nkhanambo zake ngati uchi wouma."

"Mabakiteriya. Umutsuke, umupatse mankhwala opha tizilombo, asabwerekane thawulo ndi anzake."

"Eee, lero mwadya chiyani? Nanga gogo wabwera mwendo uli psuu, wotentha, kufiirako kukukwera, thupi likunjenjemera?"

"Mabakiteriya alowera pabala, ali pansi pa khungu. Umugoneke, jekeseni wa mumtsempha, asanalowe m'magazi. Twumasi, tamvera. Unaonapo mashingozi atadutsa fupa la msana mwa munthu woti magazi ake ndi abwino?"

"Iwe, ukakanena zimenezo pamaso pa madala a mayeso aja ku Accra akakuthamangitsa ndi tsache. Sadutsa. Bwanji, wayamba kulemba buku lako?"

Afrakoma asanayankhe, anamva kaphokoso kuseri kwa khitchini. Kwee, kwee, kwee. Ngati munthu akupala phale ndi kamtengo, pang'onopang'ono, n'kuleka, n'kuyambanso. Anadula foni. Anthu onse pamudzipo anali atatseka zitseko, ngakhale agalu a kwa aneba anali chete. Kenako kunabwera fungo, lopyapyala koma loyabwa pakhosi, ngati mphira wosakaniza ndi mtedza wopserera. Anatsegula chitseko pang'ono. Kunja kunali bii, fumbi litaphimba nyenyezi, ndipo kuseri kwa khitchini kunkaoneka kadontho kofiira, pansi penipeni, kakuwala n'kuzilala ngati diso likuphethira. Kadontho kaja kanazima, ndipo iye, dokotala wathunthu, anatseka chitseko n'kutsamiritsapo mpando.

M'mawa matuza anali atasunthanso. Anali atachoka pafupi ndi fupa la msana n'kufika pansi pa nthiti za kumanzere.

Nkhani siichedwa pampopi. Azimayi akudikira ndowa zawo kudzaza ankanong'onezana, ndipo Afrakoma ankamva zonse ali m'bafa. Ena amati kangaude wa a Pokuaa ndi wotumidwa, ndi wa mkangano wa munda wa mtedza wa kashu umene malemu amuna awo anasiya. Ena amati ayi, vuto ndi mabuku a mwana wawoyo. "Inu, munthu n'kusunga m'nyumba nkhope za anthu odwala, ena mwina anafa kalekale? Ndiye usiku amachita kuwatchula matendawo mayina, limodzi limodzi, mokweza, ngati akuitana ana kudzadya. Nanga akaitanidwa asabwere?" Mayi wina wogulitsa phala analumbira kuti anaona chinthu choyera chikuyenda chowerama kuseri kwa nyumba ya a Pokuaa, chopanda mapazi, chitanyamula moto m'manja.

Afrakoma anatuluka m'bafa n'kuwayang'ana mmodzimmodzi mpaka onse analoza maso m'ndowa zawo. Koma madzulo ake, musaseke, mabuku aja anawavundikira zithunzi pansi, ndipo mayina a matenda anawawerenga chamumtima.

Usiku umenewo phokoso lija linabweranso. Kwee, kwee, kwee. Fungo lija linalowera pansi pa chitseko. Kenako kunamveka mapazi opepuka pakhonde, osavala nsapato, akuyenda moopa kuponda, ndipo chitseko cha amayi ake chinalira pang'ono. Panapita kanthawi kuli zii. Ndiye anamva kubuula. Sikunali kubuula kwa munthu wodwala amene akutembenuka pamphasa, ayi, kunali kubuula kotsekeredwa, kochokera m'mphuno, ngati munthu amene wamuika nsanza mkamwa. Pansi pa kubuulako pankamveka mawu ena onong'ona, othamanga, obwerezabwereza, osamveka mutu wake.

Anadzikakamiza kudzuka. Anayenda chogwira khoma mpaka pakhomo pa amayi ake, n'kukankha. Chinali chokhoma mkati.

"Amayi! Amayi aang'ono! Tsegulani!"

Zonse zinaleka nthawi imodzi. Patapita nthawi a Dufie anayankha ndi mawu a tulo. "Ndani? Afra? Ukudzutsiranji odwala?"

"Ndamva kubuula. Mwalowa munthu muno."

"Muno muli ine ndi achemwali basi. Akabuula si ndiye kudwalako? Kagone, mwana wanga. Zoyenda usiku zisiye ziyende, usazitsekulire chitseko."

Kutacha, lamba uja anali atazungulira m'nthiti n'kuyamba kuloza kumimba. Pakati pa mutu wake ndi mchira panatsala malo oti n'kuphimba ndi zala ziwiri zokha. Choipa kwambiri, matuza a kumsana aja anali ataphulika n'kusanduka zilonda za mafinya, khungu lozungulira lili lofiira, lotentha, lolimba ngati chikopa cha ng'oma. A Pokuaa ankanjenjemera dzuwa lili pamutu. Apa Afrakoma sanafunikire buku. Mabakiteriya anali atalowa m'zilondamo, ndipo akafika m'magazi amayi ake apita.

"Amayi, tiyeni kuchipatala lero lomwe."

"Kuti akandivule pamaso pa ana asukulu?" anatero a Pokuaa, mano akugundana. "Kangaude samva jekeseni, Afra. Ndisiye m'nyumba mwanga. Tikulimbana naye."

"Mukulimbana naye ndi ndani?"

"Ndi mapiritsi akowa, nanga ndi chiyani."

Anawamwetsa mapiritsi opha tizilombo, n'kuyamba kutsuka zilonda. Ali mkati motsuka anaona kangaude weniweni kudenga, pamwamba penipeni pa bedi, wamkulu, wamiyendo yaubweya, ali duu. Anavula patapata n'kumumenya, n'kumumenyanso, n'kumumenyanso, mpaka pakhoma panangotsala banga. Atatembenuka anapeza azimayi awiri aja akumuyang'ana mwachifundo. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu, ndipo analira, kulira kwenikweni, poti anazindikira kuti nayenso wayamba kukhulupirira.

Mwina ndi misoziyo imene inamutsuka m'maso. Atabwerera pazilonda paja anayang'anitsitsa matuza atsopano monga momwe akanayang'anira kwa munthu wachilendo. Matuza a mashingozi amakhala ang'onoang'ono, ounjikana timagulu. Awa a kumanzere anali aakulu, ataliatali, ondandalikana choimirira ngati wina wadutsitsa burashi ya penti. Ndipo kumunsi kwa limodzi kunali kamzere kopyapyala ka matuza kotsetsereka mpaka m'chiuno, monga momwe dontho la mafuta limayenderera. Matenda sayenderera. Chimene chimayenderera ndi chinthu chothiridwa.

Madzulo a Dufie anasinja fufu, nsima ya kuno ya chinangwa imene timadya ndi manja, n'kuphika supu wa nsomba zouma. Afrakoma anakhala moyang'anizana nawo ndipo anaona chinthu chimene anakhala akuchiona masiku onsewa osachilabadira. A Dufie ankadya fufu ndi sipuni. Mayi wa ku Wenchi, fufu, sipuni! Zala zawo za kumanja zinali zokulungidwa ndi kansanza.

"Zala zatani, amayi aang'ono?"

"Ndapsa ndi poto, mwana wanga. Ukalamba, manja sagwiranso bwino."

Afrakoma anangogwedeza mutu. Atatha kudya ananena kuti mutu ukumupweteka, lero sawerenga, agona msanga. Anazimitsa nyali, anatseka chitseko chake mwaphokoso iye ali kunja, n'kukabisala m'khitchini kuseri kwa matumba a makala, tochi ili m'manja.

Anadikira mpaka mawondo anachita dzanzi. Mphepo inkakwekweretsa masamba ouma pabwalo, makoswe ankathamanga pamalata. Kenako chinthu choyera chija chinatulukira pakhonde, chowerama, chitafunda nsalu kuyambira kumutu mpaka pansi, mapazi osaoneka. Ngakhale anali atayamba kale kuganizira mwini wake, tsitsi linamuima. Chinadutsa pafupi kwambiri moti anamva kupuma kwake, n'kukanjuta kuseri kwa khitchini. Afrakoma anasuzumira pamng'alu wa khoma. Anaona manja akukoleza makala pang'ono m'kambaula, n'kuikapo phale, n'kuthiramo makoko a mtedza wa kashu. Makoko aja anayamba kuthetheka n'kutulutsa mafuta akuda, ofuka utsi woyabwa uja. Aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti mafuta amenewo amatentha khungu, n'chifukwa chake oswa kashu amayamba adzola phulusa m'manja. Manja aja anapala mafuta ndi kamtengo kuwasonkhanitsa pakati pa phale. Kwee, kwee, kwee.

Anachilola chinthu chija kuti chibwerere, n'kuchitsatira chopanda nsapato. Ulendo uno chitseko anachipeza chosakhoma, anachikankha ndi phewa n'kuyatsa tochi.

A Pokuaa anali chigonere chagada, chovala atakwezera pachifuwa, ataluma mpango umene anaupinda okha. A Dufie anali atagwada pambali pa bedi, nsalu yoyera itagwera m'mapewa, phale kumanzere, nthenga ya nkhuku yonyowa ndi mafuta kumanja, milomo ikadali kuyenda ndi pemphero. Nthenga ija inali itatsala pang'ono kukhudza pamimba.

Afrakoma anamenya phale lija n'kugwera kukhoma. "Mukuchita chiyani? Mukuwapha amayi anga!"

"Ndikumanga mpanda!" anakuwa a Dufie. "Iwe, wataya mankhwala! Ndikumanga mpanda kuti asadutse!"

"Mpanda wanji?"

"Kutsogolo kwake. Umalemba mzere wa moto pakhungu labwino, kangaude akafika pamenepo amabwerera. Amayi athu ankatero, anthu ankachira. Koma uyu ndi wouma mutu, mwana wanga. Ndikamanga mpanda usiku, m'mawa ndimapeza wafika, wakhala pampanda pomwepo. Ndiye ndimasunthira kutsogolo, iye n'kufikanso. Ukufuna ndingokhala, ndizimuonerera akutseka lamba?"

Afrakoma anagwira dzanja lawo n'kusolola kansanza kaja. Anaunikira tochi. Zala zonse zinali matuza okhaokha, aakulu, ataliatali, ena ophulika. Anakokera dzanjalo pafupi ndi m'nthiti mwa amayi ake kuti zioneke pamodzi.

"Taonani. Taonani bwinobwino! Inu kangaude anakulumani liti? Awa ndi awa akusiyana pati? Kangaude anaima pamsana kalekale, sanawolokepo. Mafutawa amatentha usiku, matuza amatuluka m'mawa. Lamba yense wa kumanzereyu mwaluka ndinu, ndi nthenga!"

A Dufie anayang'ana zala zawo. Anayang'ana m'nthiti mwa mkulu wawo. Anayang'ananso zala. Kenako anakhala pansi mwadzidzidzi ngati mwendo wathyoka, n'kuyamba kulira kopanda mawu, akudzimenya pachifuwa ndi dzanja lamatuzalo.

A Pokuaa analavula mpango uja. "Usamukalipire," anatero movutikira. "Ndinamupempha ndine. Ndinati tichite usiku, Afra asadziwe, angatitayirenso m'ngalande."

Mawu amenewo anamulasa Afrakoma, koma inalibe nthawi yoti amve kupweteka. Thupi la amayi ake linali ngati mbaula. Anakadzutsa mwini takisi wa pafupi, ndipo ulendo uno sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anawanyamula amayi ake ngati mwana.

Kuchipatala anawaika dripi ndi majekeseni a mumtsempha, zilonda anazitsuka n'kuzimanga. Afrakoma anauza anamwino kuti mayi wa zala zomangidwa uja asalowe m'chipindamo ngakhale atagwada. A Dufie sanatsutse. Anayala nsalu yawo pakhonde la chipatala, pansi pa windo, n'kukhala pomwepo, osadya, osapita kwawo. Twumasi anaimba kufunsa za basi ya ku Accra, Afrakoma anangoti, "Pita wekha, ukandilembereko," n'kuzimitsa foni.

Malo aja pakati pa mutu ndi mchira wa lamba anali atatsala ngati zala ziwiri, pafupi ndi mchombo. A Pokuaa akatsitsimuka funso lawo linali limodzi. "Patsala?" Afrakoma ankawagwira dzanja n'kuwakhudzitsa pakhungu losalalalo. "Patsala, amayi. Ndipo sipatsekeka. Nthenga ija kulibenso." Iwo ankapumira m'mwamba n'kugonanso. Kutentha kwa thupi kunayamba kutsika pang'ono. Anamwa phala masipuni angapo, mpaka anadandaula kuti shuga wachepa, ndipo Afrakoma anayamba kukhulupirira kuti awapulumutsa.

Sanachoke pambali pa bedi. Anakhala pampando, chitseko atachikhoma yekha, dzanja lake lili pamkono wa amayi ake. M'chipindamo simunalowe munthu, izi akhoza kulumbira paliponse. Ngati anasinza, kunali kusinza kwa nkhuku. Fungo la kashu kunalibe, phokoso la phale kunalibe, kunali kudontha kwa dripi basi ndi chifuwa cha a Dufie kunja kwa windo.

Kutayera anamasula bandeji kuti atsuke. Pamalo osalala paja panali thuza limodzi, lalikulu, lofewa, la madzi achikasu, litagona chopingasa. Mbali ina linakhudza mutu wa lamba, mbali ina mchira.

Ankalidziwa thuza limenelo. Linali m'buku, mabakiteriya omwe aja a m'zilonda amatha kutulutsa matuza otero pakhungu loyandikana nalo. Ankadziwa dzina lake, ankadziwa mankhwala ake, ndipo mankhwalawo anali kale m'dripi. Koma pathupi lonse la munthu, msana wonse, mimba yonse, bwanji linasankha pamenepo?

"Afra." Maso a a Pokuaa anali otsegula, oyera bwino, opanda tulo. "Patsala?"

"Patsala, amayi."

Dzanja lawo linanyamuka kulowera pamimba. Afrakoma analigwira m'malere n'kulipanikiza pachifuwa pake. Anayang'anana. A Pokuaa anamwetulira pang'ono.

"Udokotala unaphunzira, koma bodza sunaphunzire."

"Amayi, mverani. Si kangaude. Ndi tizilombo ta m'zilonda, tomwe tija tikuthira mankhwala. Thupi layamba kale kuzizira, dzulo mwamwa phala. Mungondipatsa lero ndi mawa. Chonde, amayi. Lero ndi mawa basi."

A Pokuaa ankagwedeza mutu mwaulemu, monga momwe munthu amamvetserera mlendo amene akufotokoza za kwawo. Atatha anati, "Wanena bwino, mwana wanga. Tsopano tsegula chitseko, mng'ono wanga alowe. Wakhala panja mokwanira."

Afrakoma anafuna kukana, koma mphamvu zokanira zinali zitamuthera. A Dufie analowa chowerama, nkhope itatupa, n'kuima kumiyendo kwa bedi osayerekeza kuyandikira. Anaona pamimba paja, n'kutseka maso.

"Achemwali, ine sindinafikepo pamenepo. Mulungu akuona."

"Ndikudziwa, Dufie. Bwera undimange mpango, ndisaoneke ngati wamisala anthu akamabwera."

A Dufie anayesa, koma zala zinkakana, mfundo inkangomasuka. Matuza awo anali ataphulika onse, mafinya akutuluka m'mbali mwa zikhadabo, kufiira kutayamba kukwera kuseri kwa dzanja. A Pokuaa anagwira dzanjalo n'kulitembenuza, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Afra, taona manja a mayi ako. Apsa chifukwa cha ine, usiku ndi usiku, osadandaula. Uwatsuke, uwamange bwinobwino monga wandimangira ine. Pompano, ndikuona."

"Amayi, ndiyambe ndamaliza inu."

"Ine wandimaliza. Chita zimene ndakuuza."

Afrakoma anakhazika a Dufie pampando, iye n'kugwada patsogolo pawo, msana atalozetsa kubedi. Anatenga beseni, thonje ndi mankhwala. Mkwiyo unali usanathe, ndipo chala choyamba anachitsuka mwankhanza ndithu, koma a Dufie sanakoke dzanja, sanalire n'komwe. Chala chachiwiri anachitsuka mofatsa. Pofika chachitatu misozi yake inkagwera m'beseni, ndipo anamva dzanja lina la a Dufie likumusisita kumutu. Kumbuyo kwake amayi ake ankapuma pang'onopang'ono, mokoka, ndipo iye ankamvetsera kupumako uku akuzunguliza bandeji.

Kenako dzanja lija linaima pamutu pake. Afrakoma anakweza maso. A Dufie sankayang'ana iye, ankayang'ana kubedi kudutsa paphewa pake. M'chipindamo munkamveka dripi yokha, kupuma kuja kutaleka.

Anati atembenuke, koma a Dufie anamugwira tsaya ndi dzanja lawo labwinolo, mwamphamvu, n'kumubweza.

"Maliza, mwana wanga," ananong'ona. "Anati umange bwinobwino. Maliza kaye chala ichi, usatembenuke msanga."